Venda wa ku Harlem wandiyang'ana m'maso: za zithunzi za Jordan Casteel

Sabata ino mpata wagwera ine. Tinazolowera kuti pano timakamba za ndakatulo ndi nkhani zazifupi, koma lero ndipatukako pang'ono, ndikambe za zithunzi zopenta. Musathawe ayi, kumapetoko nkhaniyi ifikanso pa zolemba zathu zomwe.

Ndiyambe ndi zomwe zinandionekera. Ine geni yanga ndi ya kaunjika, makamaka majekete ndi matisheti. Tsiku lina m'mawa ndili mkati mosankha zovala za belo lomwe ndinali nditangotsegula, panatulukira anthu atatu, awiri achizungu ndi mmodzi wakwathu konkuno wowaperekeza. Wina anali ndi kamera ya chimphuno chachitali ija. Moni sanapereke, mtengo sanafunse. Ndinangomva kheche kheche, ndikamadzutsa mutu iwo akulowera kale kwa ogulitsa usipa. Tsiku limenelo ndinali nditamanga duku lakale, kumaso kuli mbuu ndi fumbi la belo, mwana kumsana akulira ndi chimfine. Chithunzicho sindinachionepo. Nkhope yanga inapita ngati nkhuku yobedwa usiku. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umawawa, poganiza kuti mwina kwinakwake ndili pa khoma kapena pa chikuto cha lipoti, pansi panga atalembapo za umphawi wa mu Africa.

Ndiye mwezi wathawu mng'ono wanga, yemwe ndi wokonda zojambulajambula, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp n'kulemba kuti, "Achemwali, taonani anzanu a geni a ku America." Ndinayamba ndaseka, ndimayesa ndi zocheza zake. Nditachikulitsa pafoni kuseka kunatha. Chinali chithunzi chopenta cha mayi ndi mlongo wake ali pa tebulo la zipewa m'mphepete mwa msewu. Dzina lake ndi The Baayfalls, anachijambula ndi Jordan Casteel mu 2017. Mayiyo ankagulitsa zipewa zopanga yekha panja pa Studio Museum ku Harlem, mumzinda wa New York. Mlongo wakeyo anali atabwera kuchokera ku Senegal, ndipo ndi wa gulu la Asilamu lotchedwa Baye Fall, komwe kwachokera dzina la chithunzicho.

Ife a kaunjika diso lathu limathamangira pa tisheti, ndi matenda athu. Tsiku lililonse ndimagwira matisheti olembedwalembedwa, ambiri ogula safunsa n'komwe tanthauzo lake. Koma ya mayiyu ndinaiwerenga kawiri. Mawu ake akunena kuti iye sakupikisana ndi munthu, angofuna kuti tonse zitiyendere. Amene munakhalapo pa benchi mumsika mukudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Woyandikana nawe akugulitsa zomwe ukugulitsa iwe, kasitomala akaima pakati panu nonse mitima imagunda, koma ndi yemweyo amene umamusiyira benchi ukamathamangira kuchipatala ndi mwana. Ndinati wojambula amene waona kuti tisheti imeneyi njofunika kuipenta chilembo ndi chilembo, ameneyu ndimufufuze. Bandulo ya sabata yonse inathera pamenepo.

Jordan Casteel anabadwa mu 1989 ku Denver, m'chigawo cha Colorado. Agogo ake aamuna, bambo a mayi ake, anali Whitney Young, mmodzi mwa atsogoleri omenyera ufulu wa anthu akuda, yemwe ankatsogolera bungwe la National Urban League. Anaphunzira ku Agnes Scott College, anaphunzitsako ana ku Denver, kenako anakachita za luso ku yunivesite ya Yale komwe anamaliza mu 2014. Ali pa Yale pomwepo, mu 2013, khoti linamasula munthu yemwe anawombera Trayvon Martin, mnyamata wakuda wa zaka 17. Casteel ali ndi alongo ake, wina ndi mapasa naye. Funso linamukhala pamtima: dziko likamaona mwamuna wakuda limaona chiyani, ndipo ine mlongo wawo ndimaona chiyani?

Yankho lake loyamba linali zithunzi zomwe anazionetsa mu 2014 pa mutu wakuti Visible Man, kutanthauza munthu wooneka, poyankhana ndi dzina la buku la Ralph Ellison la mu 1952 lotchedwa Invisible Man. Anajambula amuna akuda ali m'nyumba zawo osavala, ali phee pa sofa kapena pansi, pakati pa mabuku, nyale ndi timakatundu tawo. Malo obisika sanaonetse. Ndivomere, poyamba zinandichititsa manyazi, kwathu kuno si zoonetsa pagulu. Koma ndinamvetsa chomwe amafuna. Ku America chovala cha mwamuna wakuda chimaweruzidwa iye asanatsegule pakamwa: juzi ya chipewa akuti chigawenga, suti akuti wofatsa. Casteel anachotsa chovalacho kuti woona asowe pothawira, atsale ndi munthu basi.

Zomwe zandigwira kwambiri ine ndi zomwe anajambula atapita ku Harlem. Mu 2015 ndi 2016 anapatsidwa malo ogwirira ntchito ku Studio Museum, pa msewu wa 125th, msewu wa geni wa anthu akuda. Kachitidwe kake nkosavuta kufotokoza. Amayenda mumsewu ndi kamera. Akaona munthu amaima, kupereka moni, kudzitchula dzina, kufotokoza ntchito yake, n'kupempha. Munthuyo akalola, amamutola zithunzi zambirimbiri pamalo pomwe wamupezapo, atakhala momwe iye mwini wafunira. Kenako amabwerera mu situdiyo n'kukapenta ndi penti wa mafuta pa chinsalu chachikulu. Chikatha amachitcha dzina la munthuyo, ndipo pa tsiku lotsegulira chionetsero amamuitana kuti adzadzione.

Mmodzi mwa oyamba anali bambo wogulitsa ma CD panja pa Sylvia's, malo odyera otchuka a ku Harlem omwe anatsegulidwa mu 1962. Chithunzicho ndi cha mu 2015, dzina lake James. Sizinathere pomwepo ngati mmene amachitira alendo a kamera aja. Mu 2017 anawajambulanso bambowa ali ndi akazi awo, atakhala moyandikana panja atavala zamphepo, chithunzicho n'kuchitcha Yvonne and James. Pali chinanso cha mu 2016 chotchedwa Charles, bambo wogulitsa zovala za ubweya wa nyama, ndi china Glass Man Michael, wogulitsa zinthu zagalasi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene wabwerera kwa venda yemweyo patapita zaka ziwiri, ameneyo sanadzere chithunzi chokha.

Tsono chabwino n'chiyani pa zithunzi zimenezi? Choyamba ndi maso. Pafupifupi onse amakuyang'ana iwe woonawe mwachindunji, ndipo wojambula sanawaimire pamwamba. Ife ogulitsa timakhala pansi, ogula amaimirira. Tsiku lonse anthu amationa kuchokera pamwamba, amaona paliwombo ndi manja olandira ndalama. Kuti uone nkhope ya venda bwinobwino uyenera kunjuta kapena kupempha kampando. Mu zithunzi za Casteel umachita kumva kuti mtsikanayu anatsika, anafika pa msinkhu wa munthu wokhala. Ndiye maso aja sapempha chifundo, sakusekerera ngati a pa kalendala ya bungwe. Akukuyeza. Pa chionetsero chake cha ku Denver Art Museum mu 2019 mutu wake unali Returning the Gaze, kunena kuti woyang'anidwa uja nayenso wabweza diso.

Chachiwiri ndi katundu. Apa mpomwe ndinamugonjera. Ojambula ambiri akafika pa malonda amangopaka mabalamabala kuti tidziwe kuti pali zinthu, ntchito yonse n'kuiika pa nkhope. Casteel chipewa chilichonse amachipatsa mtundu wake, ubweya amaupenta mpaka dzanja limafuna kuusisita, galasi limaoneka kuti likagwa lisweka. Kwa venda katundu si zokongoletsa kumbuyo. Ndi mpamba, ndi ngongole ya ku banki mkhonde, ndi fizi ya mwana. Kayalidwe kake nakonso kamanena za mwini wake: chokopa chimakhala kutsogolo, chodula pafupi ndi dzanja kuopa akuba. Anthu akamati zithunzi za Casteel zimasimba nkhani, nkhaniyo ine ndaipeza pa tebulo la malonda, pa zolembedwa pa zovala ndi pa zikwangwani za kumbuyo. Palibe akuthamanga, palibe akumenyana, koma ukayang'anitsitsa umadziwa kuti munthuyu anadzuka nthawi yanji ndipo akudikira chiyani.

Chachitatu ndi khungu. Casteel munthu wakuda samupenta ndi bulawuni yekha. Pamphumi pamatha kukhala pobiriwira, patsaya pa pepo, pamkono pofiirira ngati dothi la katondo, ena mwa amuna a Visible Man aja thupi lonse ndi lobiriwira kapena la buluu. Mng'ono wanga anati zimenezi n'zongodzionetsera. Ine ndinakana. Bwerani mumsika masana mudzaone amayi okhala pansi pa tenti ya buluu, nkhope zawo zimatenga buluu. Madzulo wokazinga tchipisi pa chiwaya amasanduka wofiira ndi moto. Khungu lakuda limalandira kuwala kulikonse n'kukubweza mwa njira yake. Amene amati tonse ndife mtundu umodzi wa penti ndi amene sanatiyang'anitsitse. Ndipo m'dziko lomwe munthu amaweruzidwa ndi liwu limodzi lakuti "wakuda", kumupenta ndi mitundu khumi ndi njira youzira woona kuti liwu lako lija lachepa.

Chachinayi ndi kukula. Zambiri mwa zithunzi zimenezi zimafika mamita awiri, zina kupitirira, moti munthu wopentedwayo amaposa iwe woimirira patsogolo pake. Ine ndazionera pafoni yokwana m'dzanja, ndiye ndinatenga tepi yanga yoyezera mathalauza n'kuyeza mamita awiri pa khoma la nyumba. Ndinaima n'kuyerekeza mnzanga wogulitsa anyezi atadzaza khoma lonselo. Kwathu kuno nkhope yaikulu choncho ndi ya pulezidenti, ya ofuna voti, kapena ya mtsikana wotsatsa sopo pa chikwangwani cha mumsewu. Ku Ulaya nako kale chinsalu chachikulu chinali cha mafumu ndi eni chuma. Kupereka mamita awiri kwa wogulitsa ma CD ndi chiweruzo pachokha, wojambula asanapake n'kadontho komwe.

Kuti muone kusiyana, tamuikani pambali pa Kehinde Wiley, amene anajambula Barack Obama chithunzi chomwe chinaonetsedwa mu 2018. Wiley nayenso anakhalako ku Studio Museum zaka za m'mbuyo, nayenso ankaimitsa anyamata akuda mumsewu womwewo wa 125th. Koma iye amawachotsa mumsewumo n'kuwaimika ngati mafumu ndi akazembe a m'zithunzi zakale za ku Ulaya, kumbuyo n'kudzaza maluwa ndi zokongoletsa. Chodziwika kwambiri ndi cha mu 2005, mwamuna wakuda ali pa hatchi monga anajambulidwira Napoleon. N'zokongola, sindikana, ndipo uthenga wake ukumveka. Koma ine mtima wanga uli kwa Casteel. Ukandibwereka hatchi ya mfumu kuti ndioneke wolemekezeka, ndiye kuti pansi pamtima ukuvomereza kuti benchi langali ndi losakwanira. Casteel munthu amamusiya pa mpando wake wapulasitiki, n'kunena kuti ulemu uli pomwepa.

Ndikamanena izi ndikukumbukanso zithunzi zomwe anyamata athu amagulitsa kwa alendo m'mphepete mwa nyanja ndi m'matauni: amayi atatu aataliatali, mitsuko pamutu, dzuwa likulowa, nkhope palibe. Sindikuwanyoza, nawonso ndi geni, amapenta chomwe chikuyenda malonda monga inenso ndimaoda chomwe chikutuluka. Koma taganizani, mayi wa ku Malawi amene wapachikidwa m'nyumba zambiri kunja ndi mayi wopanda maso, wopanda dzina, wongosenza. Wogula amamukonda chifukwa sangamuyang'ane n'kumufunsa kanthu.

Tsono poti uku n'kuunika osati kutamanda chabe, ndinene pomwe Casteel sanandikhutitse. Mavenda ake ndi odekha mopitirira. Mwa zithunzi zonse za ogulitsa zomwe ndaona, palibe chomwe munthu akugulitsadi. Kasitomala palibe, kunenerera palibe, dzanja lofufuza chenje m'kachikwama ka m'chiuno palibe. Onse akhala bwino ngati Lamulungu masana. Koma geni si kukhala. Geni ndi kukuwa mpaka mawu kusasa, kuseka nthabwala yosaseketsa ya kasitomala, kuthamangitsa katundu mvula ikayamba, kuwerenga ndalama madzulo n'kupeza kuti mpamba wadyeka. Pofuna kutipatsa ulemu, Casteel watichotsera thukuta. Ndipo ine ndimaona kuti ulemu wa venda uli m'thukutamo. Mukandijambula nditapinda manja mwajambula mayi wabwino, koma simunajambule chomwe chimadyetsa ana anga.

Komanso msewu wa 125th si malo a mtendere choncho kwa ogulitsa. Mu 1994, Rudolph Giuliani ali meya wa New York, apolisi anachotsa mavenda mumsewu umenewu, ambiri n'kusamutsidwira ku msika wa pa 116th Street. Kuyambira 1979, kwa zaka zoposa 40, ziphaso za ogulitsa katundu wamba mumsewu mumzinda wonsewo zinaikidwa malire pa 853 basi, kupatula za asilikali opuma, ndiye ambiri akhala akugulitsa opanda chiphaso, diso lili kunjira. Amene munalipo mu 2006 pomwe mavenda anachotsedwa m'misewu ya m'mizinda yathu mukudziwa mmene zimakhalira. Venda aliyense, kaya ku Harlem kaya kuno, amakhala ndi diso lachitatu loyang'ana kothawira. Diso limenelo mu zithunzi za Casteel sindinalipeze.

Ndinakangana nazo ndekha usiku wonse, ndipo m'mawa ndinamubwezerako mbali ina. Kasitomala alipo, kungoti ndi ineyo woonane. Maso akuyeza aja ndimawadziwa chifukwa ndi anga: munthu akamayandikira benchi ndimakhala nditamuwerenga kale nsapato, ndikudziwa ngati ndi wogula kapena wongogwiragwira. Casteel watiimika pamalo pa wogula, kuti kamodzi kokha timve mmene zimakhalira kuyezedwa ndi wogulitsa. Ndipo mavuto a mumsewu sanawabise onse. Mu Glass Man Michael, pa khoma la kumbuyo pali mawu olembedwa ndi anthu a m'deralo onena kuti Harlem sali pa malonda, pokana olemera omwe akugula nyumba n'kukweza lendi mpaka eni dera kusamuka. Ndiye nkhondo ilimo, koma ili pa khoma. Ine ndikadakonda ikadafikako pa thupi la munthu.

Chachiwiri chondidetsa nkhawa ndi kamera. Kupenta kuchokera pa chithunzi cha kamera kuli ndi ubwino womwe ine ndingauyamikire kuposa aphunzitsi a zaluso: venda sangatseke geni masiku atatu kuti akakhale mu situdiyo. Mphindi zochepa zomwe Casteel amapempha ndi ulemu pa nthawi ya munthu wosaka ya ndiwo. Koma kamera ili ndi vuto lake. Aliyense ali ndi nkhope ya chithunzi, ija timavala akati "tayang'anani kuno". Timakweza chibwano, timabweza mimba. Nkhope yeniyeni imabwera munthu akatopa, akaiwala kuti akuonedwa. Mwina n'chifukwa chake ndimakondanso tizithunzi take ting'onoting'ono ta anthu a m'sitima ya pansi pa nthaka, momwe nthawi zambiri nkhope sizioneka, umangoona manja ogwira chikwama kapena mwana wotsamira pa kholo. M'menemo muli kutopa komwe m'zithunzi zazikulu mulibe. Koma taonani msampha wake: komwe kuli dzina ndi nkhope munthu wadzikonza, komwe kuli kutopa kwenikweni dzina palibe. Kupeza zonse ziwiri pa chinsalu chimodzi ndiye ntchito yomwe yamutsalira.

Chachitatu ndi ndalama, poti ine ndine wa geni sindingazilambalale. Mu February 2020, mwezi womwe chionetsero chake chachikulu cha Within Reach chinatsegulidwa ku New Museum ku New York, chithunzi chake cha mu 2013 chotchedwa Mom, cha mayi ake omubereka, chinagulitsidwa pa okushoni ya Christie's ku London pa mtengo woposa mapaundi 500,000. Musathamangire kunena kuti mtsikana walemera. Pa okushoni yotere ndalama zimapita kwa amene anali mwini chithunzi panthawiyo ndi kwa ochititsa okushoni. Amene munalimako fodya mukuidziwa nkhaniyi: wolima ndi wina, wodyerera ndi wina. Tsono ngati wopenta ali ngati mlimi, wopentedwa ali ngati tenanti. Chithunzi chikamagulitsidwa kachiwiri, kachitatu, mtengo ukukwera, mwini nkhope sakhala pa mndandanda wa olandira. Mlanduwu si wa Casteel yekha, ndi wa msika wonse wa zithunzi. Koma umaluma kwambiri pamene nkhopeyo ndi ya munthu wogulitsa ma CD pamphepo, ndipo khoma lomwe yakapachikidwa ndi la munthu amene sanaimepo pa tebulo lake. Mawu aja akuti Harlem sali pa malonda, nawonso ali pa chinsalu chomwe chili ndi mtengo.

Ndisadziyeretse. Jekete lomwe ndagulitsa dzulo linasokedwa ndi mayi wina ku Bangladesh, chizindikiro cha pakhosi chikutero. Linavalidwa ku Ulaya, linatayidwa, linamangidwa m'belo, ine n'kudyapo phindu. Mayi wosokayo sindimudziwa ndipo sadzalandira kanthu kwa ine. Ndiye ndikamaloza chala okushoni ya ku London, zala zitatu zikuloza benchi langa. Kusiyana kwake n'kwakuti jekete si nkhope ya munthu. Jekete ukagulitsa lapita, koma nkhope mwini wake akuyenda nayobe mumsewu pamene inzake ili m'chipinda chochezera cha munthu wachuma.

Nanga chigamulo changa? Casteel si wakuba nkhope ngati alendo anga aja, ndipo kusiyana kwake si kwakung'ono. Iye amapempha, amatchula dzina, amabwerera, amaitana mwini nkhope kudzaona. Kumapeto kwa 2019 The Baayfalls chinapentedwa pa khoma lalikulu la nyumba pafupi ndi High Line ku New York, poti aliyense wodutsa achione ulere, wogulitsa zipewa atakula kuposa zikwangwani za makampani. Mu 2021 analandira mphoto ya MacArthur Fellowship ya madola 625,000, ndipo ine ndikuti anayenera. Zomwe ndadandaula sizikufafaniza zimenezi. Ndikudandaula chifukwa wafika pafupi kwambiri ndi moyo wanga moti ndikutha kuona kachidutswa komwe katsala. Wojambula amayi opanda nkhope uja sindingamudandaule chilichonse, sanayambe n'komwe.

Tsopano ndibwere kwa ife olemba, monga ndinalonjezera. Ndakhala m'gulu muno nthawi ndithu, nkhani zanu ndimawerenga usiku ndikaweruka. Tawerengani mavenda omwe ali m'nkhani zathu. "Mayi wina wogulitsa mandasi" amene ntchito yake ndi kulozera njira mnyamata wa ku yunivesite. "Kamnyamata kogulitsa madzi" koti mtsikana wa nkhaniyo akamvere chisoni tidziwe kuti ndi wamtima wabwino. Dzina alibe, mtengo wa mandasiwo sutchulidwa, komwe amaoda ufa sitikudziwa. Ndi amayi a mitsuko aja, kungoti apentedwa ndi mawu. Ndipo ena mwa olemba zimenezi fizi yanu inachokera m'beseni la mandasi lomwelo. Sindikunena mwachipongwe, abale anga, inenso ndakatulo yanga yoyamba muno inali ya dzuwa ndi nyanja, ngati kuti kumsika kulibe choti n'kulemba.

Zomwe ndatola kwa Casteel ndi zinayi, ndipo sizifuna penti. Pempha. Tsika ufike pa msinkhu wa munthuyo. Dziwa katundu wake monga ukudziwira nkhope yake. Ukamaliza bwerera ukamuonetse. Chachinayichi ndiye sikelo yeniyeni. Nkhani yomwe walemba ya mayi wa mandasi, ungathe kukakhala pa benchi lake n'kumuwerengera mokweza, iye akukuyang'ana? Ngati ungachite manyazi pa chiganizo china, chiganizo chimenecho n'chabodza kapena n'chakuba. Ndipo powonjezera pa zinayizo, ikamo chomwe Casteel wasiya: thukuta, chenje, mvula, ndi diso lija loyang'ana kothawira.

Mng'ono wanga anandifunsa kuti, "Nanga achemwali, atabwera Jordan pa benchi panu mungalole?" Ndinati ndingalole, koma tiyambe tanenerera. Duku ndisankha ndekha, osati lakale lija, komanso osati la ku ukwati. Abwere Loweruka m'mawa belo likamatsegulidwa, pomwe amayi amalimbirana jekete limodzi, andijambule pakamwa pali yasa ndikutchula mtengo. Kasitomala akhalemo, ngakhale dzanja lake lokha. Dzina langa lilembedwe bwino, asalipotoze. Ndipo chikadzagulitsidwa kachiwiri, kangachepe kadzafike kuno. Mng'ono wanga anaseka kuti zoterozo kulibe. Ndinamuuza kuti mtengo uliwonse womwe ulipo lero unayamba ndi munthu amene anautchula koyamba anthu n'kumuseka.

Amene muli ndi bandulo kasakeni The Baayfalls ndi James, muzikulitse, muone ngati maso amenewo sakuwerengani nsapato. Amene mukuona mosiyana nane, makamaka inu ojambula muli muno, nditsutseni momasuka, kunenerera ndinazolowera. Ine ndikagone, mawa ndi tsiku la msika.